Vesi Limodzi Silikwana: Chifukwa Chake Mkhristu Aziwerenga Baibulo Tsiku ndi Tsiku

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi anayi alionse, atatu ndi kupitirirako pang'ono amadzitcha Akhristu. Umboni wake suvuta kuuona. Mavesi alembedwa kumbuyo kwa maminibasi, pa zitseko za maokala ndi pa zitenje za amayi a mpingo, ndipo m'mawa uliwonse amazungulira m'magulu a WhatsApp. Koma kuchuluka kwa mavesi m'misewu sikutanthauza kuti Baibulo likuwerengedwa. Akhristu ambiri amalidziwa bukuli m'zidutswa, zidutswa zake zosankhidwa ndi munthu wina, ndipo m'makomo ambiri limatsegulidwa tsiku lopemphera lokha, apo ayi pakagwa zovuta. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, mwandondomeko, buku ndi buku, kumamupatsa Mkhristu nzeru zosiyanitsira choona ndi chonama, kaya chonamacho chikuchokera pa guwa kaya mumtima mwake momwe. Nzeru zoterezi sizibwera ndi vesi limodzi, ndipo sizikula tsiku limodzi.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taona mmene bukuli lidamangidwira. Baibulo ndi mabuku ambiri oikidwa pamodzi, 66 kwa Aprotestanti ndi 73 kwa Akatolika, ndipo m'katimo muli mbiri, malamulo, nyimbo, miyambi, uneneri ndi makalata. Olemba ake sadaikemo manambala amene timawaona lero. Mitu kapena kuti machaputala idakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo ntchitoyi imadziwika ndi dzina la Stephen Langton, yemwe adakhala Arkiepiskopi wa ku Canterbury. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano adabwera mochedwa kuposa apo, mu 1551, pamene wosindikiza mabuku Robert Estienne adawaika m'buku lake la Chigiriki. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 1,000 Akhristu ankamva Uthenga Wabwino m'zigawo zazitali zotsatana, ndipo makalata a Paulo ankawamva ngati makalata. Manambala adaikidwa kuti tizipeza malo msanga, ndipo pa ntchito imeneyo amathandiza kwambiri, koma adatizoloweretsanso kuthyola mzere umodzi n'kuthawa nawo. Munthu akalandira kalata yochokera kwa m'bale wake wa ku Johannesburg sawerenga mzere umodzi wapakati n'kuipinda, chifukwa amadziwa kuti mzere wonena za ndalama ungasinthe tanthauzo akafika pa wotsatira. Ulemu umene timaupereka ku kalata ya m'bale ndi womwewo umene Baibulo likuyenera kulandira.

Titenge mavesi awiri okondedwa kwambiri. La Yeremiya 29:11 limanena za zolinga zabwino zimene Mulungu ali nazo pa anthu ake, ndipo ambiri amalimva ngati lonjezo loti mavuto awo atha mwezi uno. Koma wowerenga mutu wonsewo, pamodzi ndi wa 28, amapeza kuti mawuwa ali m'kalata yopita kwa Ayuda amene adatengedwa ukapolo ku Babuloni. Mneneri wina, Hananiya, anali atalengeza ku Yerusalemu kuti ulamuliro wa Babuloni utha pasanathe zaka ziwiri. Yeremiya adawalembera akapolowo zosiyana: amange nyumba, alime minda, akwatitse ana awo, aupempherere mzinda wa adani awo, chifukwa akhalako zaka 70. Lonjezo lilipodi, koma lidaperekedwa kwa anthu amene ambiri mwa iwo adafera kuchilendo, ndipo linkawaphunzitsa kupirira ndi kugwira ntchito. N'chimodzimodzinso ndi Afilipi 4:13, vesi limene ana a sukulu amakonda kulemba pa makope nthawi ya mayeso. Paulo adalemba mawuwa ali m'ndende, pothokoza mpingo wa ku Filipi chifukwa cha thandizo limene udamutumizira, ndipo chimene akunena kuti amachitha mwa mphamvu ya Khristu ndicho kukhala wokhutira pa njala ndi pa mwanaalirenji pomwe. Wodziwa vesi lokhalo akalephera mayeso kapena bizinesi ikagwa amaganiza kuti Mulungu wamunamiza. Wodziwa mutu wonse amazindikira kuti vesilo lidalembedwera tsiku ngati limenelo.

Mbiri ikutionetsa kuti anthu ofuna kulamulira chikumbumtima cha anzawo amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amalidula Baibulo. Mu 1807 ku London kudasindikizidwa buku la zigawo zosankhidwa za Baibulo, lopita kwa akapolo a m'zilumba za West Indies zimene zinali m'manja mwa Britain. Mwa mitu 1,189 ya Baibulo la mabuku 66, m'bukulo mudangotsala 232. Nkhani ya Aisraeli kutuluka mu ukapolo ku Iguputo adaichotsa, ndime ya kwa Agalatiya yonena za umodzi wa kapolo ndi mfulu mwa Khristu adaichotsanso, koma malangizo oti akapolo azimvera ambuye awo adawasunga. Okonza bukulo sadafunike kuwonjezera bodza, adangosankha zoti anthu amve. Ku South Africa akatswiri ena a zaumulungu adagwiritsa ntchito nkhani ya nsanja ya Babele poikira kumbuyo tsankho la apartheid, mpaka Akhristu ena a m'dziko lomwelo, powerenga Malemba omwewo mokwanira, adalitsutsa m'Chivomerezo cha Belhar chimene chidalembedwa mu 1982 n'kuvomerezedwa mu 1986. Ngakhale pa nkhani ya kuyesedwa kwa Yesu m'chipululu, pa Mateyu 4, woyesayo adatchula Salimo 91, ndipo Yesu adamubweza ndi mawu a m'buku la Deuteronomo. Vesi lopotozedwa limawongoledwa ndi Malemba ena, ndipo munthu sangayankhe ndi Malemba amene sadawawerengepo.

Ngozi imeneyi ilipobe. Mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola kufupi ndi Malindi ku Kenya, kudafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu a gulu lina lachipembedzo limene lidawaphunzitsa kusala kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Kuno kwathu timamva za odwala amene amasiyitsidwa ma ARV kapena mankhwala a shuga m'dzina la chikhulupiriro, ndi za amphawi amene amagulitsa mbuzi yawo yomaliza kuti agule madzi kapena mafuta odzozedwa. Amene adawerenga Machitidwe a Atumwi amakumbukira mmene Petro adamudzudzulira Simoni wa ku Samariya pamene ankafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Amene adawerenga makalata a Paulo amadziwa kuti Luka, mnzake wa paulendo, anali dokotala, ndiponso kuti Pauloyo adamulangiza Timoteo chochita ndi vuto lake la m'mimba. Munthu wotere safunika digiri ya zaumulungu kuti aone kuti pena pake palakwika. Khutu lozolowera liwu lenileni la Malemba limamva msanga liwulo likasinthidwa.

Komabe phindu la kuwerenga silithera pa kudziteteza kwa aneneri onyenga. Wotinamiza kawirikawiri ndi mtima wathu womwe, ndipo n'chifukwa chake kuwerengako kuyenera kukhala kwa tsiku ndi tsiku. Chikhristu chimayesedwa pa sikelo ya wogula mbewu, pa malipiro a waganyu amene wapalira munda tsiku lonse, pa msonkhano wa banja wogawa chuma chamasiye. Pa zonsezi Malemba salankhula mozungulira. Pa Amosi 8 mneneri akudzudzula amalonda ochepetsa muyeso ndi onyenga ndi masikelo. Pa Levitiko 19 pali lamulo loletsa kugona ndi malipiro a wantchito, ndipo Yakobo 5 akuchenjeza eni chuma kuti Mulungu amamva dandaulo la antchito omanidwa zawo. Yakobo yemweyo amayesa chipembedzo cha munthu poona mmene amasamalira ana amasiye ndi amayi amasiye. Koma ndime zoterezi sizilembedwa pa maminibasi, ndipo ndi ochepa amene amazitumizira anzawo pa foni. Wokumana nazo ndi munthu wowerenga mwandondomeko, amene sadumpha tsamba chifukwa chakuti lamulasa. Tikumbukirenso kuti yesero silipangana tsiku ndi munthu. Pa nthawi imene mlamu akutambasula dzanja kuti atenge malata a nyumba ya mayi wamasiye, palibe amene amathamangira kukatsegula Baibulo. Chimene chimalankhula pa mphindi imeneyo ndi chimene chidalowa kale mumtima. N'chifukwa chake Deuteronomo 6 akulamula makolo kuti azikambirana malamulo a Mulungu ndi ana awo nthawi zonse, pakhomo ndi paulendo pomwe, ndipo mutu 17 ukuti ngakhale mfumu ikhale ndi buku lakelake loti iziliwerenga moyo wake wonse, kuti isadzikuze pamaso pa abale ake.

Pa nthawi ya chisoni phinduli limaoneka poyera. Namondwe wa Freddy atatenga miyoyo ya anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, funso lakale lidadzukanso m'mitima ya ambiri: kodi ofawo adalakwanji? Wowerenga Luka 13 amadziwa kuti Yesu mwini adatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, ndipo adakana zoti iwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Wowerenga buku la Yobu mpaka kumapeto amadziwa kuti abwenzi ake atatu, amene ankaumirira kuti tsoka la Yobu lidadza chifukwa cha tchimo, ndiwo adadzudzulidwa ndi Mulungu, pamene wothyola vesi pakati pa bukulo angathe kulalikira mawu a Elifazi, mmodzi wa abwenziwo, ngati kuti ndi a Mulungu. Mwa Masalimo 150, ambiri ndi madandaulo, ena owawa kwambiri, monga Salimo 88 limene limatha popanda chitonthozo chilichonse. Mkhristu amene adadutsamo amadziwa kuti kulira ndi kufunsa mafunso pamaso pa Mulungu n'kololedwa, popeza Yesu yemwe pa mtanda adapemphera ndi mawu oyamba a Salimo 22. Amene amangodziwa mavesi a chigonjetso amasowa chonena pa manda, ndipo ena amathera kuloza zala nkhalamba za m'mudzi kuti ndizo mfiti.

Wina angafunse kuti, nanga abusa, ansembe ndi akatekisiti ntchito yawo ndi yotani ngati aliyense aziwerenga yekha? Funsoli ndi loyenera, chifukwa mpingo udapatsidwa aphunzitsi, ndipo ulaliki uli ndi malo ake osalowa m'malo ndi china. Koma ulaliki wa kamodzi pa sabata, ngakhale utakoma chotani, umagwira ndime zochepa. Ngakhale ndondomeko ya mawerengo a Lamulungu ya Akatolika, imene imazungulira zaka zitatu ndi Mateyu, Marko ndi Luka, siifika mbali yaikulu ya Chipangano Chakale. Ndiponso Baibulo limayamikira omvera ofufuza. Pa Machitidwe 17 Ayuda a ku Bereya akutamandidwa chifukwa ankasanthula Malemba tsiku lililonse kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona. Ngati mtumwi adafufuzidwa chotero, mlaliki woona wa lero alibe chifukwa choopera. Mipingo nayo ikuzidziwa zimenezi. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Dei Verbum cha 1965, udalimbikitsa Akhristu onse kuwerenga Malemba kawirikawiri, ndipo Sinodi ya Nkhoma ya CCAP imatulutsa Mlozo, kabuku kotsogolera mawerengo a tsiku lililonse. Mpingo wa anthu owerenga umamupeputsira mbusa ntchito, popeza sayambira pa chiyambi sabata iliyonse.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Akuti wowerenga payekha amasokera, ndipo mipatuko yambiri idayamba ndi munthu mmodzi amene adadzitsekera m'chipinda ndi Baibulo n'kutulukamo ndi vumbulutso lakelake. Izi zimachitikadi, ndipo Baibulo silibisa kuti lili ndi malo ovuta. Kalata yachiwiri ya Petro ikuvomereza kuti zina zimene Paulo adalemba n'zovuta kumvetsa ndi kuti anthu osakhazikika amazipotoza. Mulinso nkhani za nkhondo ndi malamulo a nsembe zimene wowerenga wa lero sangazimvetse popanda womuthandiza. Koma kutseka buku kumangomusiya munthu m'manja mwa aliyense amene ayambe kumupeza. Chowongola kuwerenga kolakwika ndi kuwerenga kokwanira ndiponso kuwerenga pamodzi. Nduna yosunga chuma ya ku Ethiopia, pa Machitidwe 8, inkawerenga Yesaya osamvetsa, ndipo idachita chinthu chanzeru: idavomera kuti ikufunika wotsogolera, n'kumuitana Filipo kuti akwere m'galeta. Komatu Filipo adapeza poyambira chifukwa bukulo linali lotsegula kale. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo ife malo ofunsira tili nawo ochuluka: miphakati ndi malimana, milaga, magulu a amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, misonkhano ya SCOM m'masukulu. Amene wawerenga kunyumba amafika kumeneko ali ndi funso m'manja, ndipo zokambirana zimatulutsa mfundo zakupsa.

Palinso mavuto enieni a moyo: kusadziwa kuwerenga, mtengo wa buku ndi kuchepa kwa nthawi. Kalembera wa 2018 adaonetsanso kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Koma tisaiwale kuti ambiri mwa anthu oyamba kulandira Malemba adawalandira ndi makutu. Pa Nehemiya 8 Ezara adawerengera khamu la amuna ndi akazi kuyambira m'mawa mpaka masana, Alevi akufotokozera. Paulo adalamula kuti kalata yake kwa Akolose iwerengedwe pa mpingo, kenako ikawerengedwenso ku Laodikeya. Mdzukulu wa Sitandade 5 akamawerengera agogo ake madzulo, onse awiri akupindula ndi buku limodzi, ndipo buku limodzilo limakwanira banja lonse. Lero kulinso Baibulo lomvera pa foni, ndipo wailesi monga Trans World Radio ndi Radio Maria zimaulutsa mawerengo ndi maphunziro m'Chichewa. Kunena za nthawi, masamu ake ndi osavuta. Mitu 1,189 ikagawidwa pa masiku 365 imakwana itatu kapena inayi patsiku, ntchito ya mphindi pafupifupi 20. Wowerenga mutu umodzi wokha patsiku amamaliza mitu 260 ya Chipangano Chatsopano miyezi isanu ndi inayi isanathe. Nthawi imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi imene ambiri timathera pa Facebook ndi pa nkhani za mpira.

Chilankhulo nacho sichingakhale chowiringula kwa ife olankhula Chichewa, chifukwa ena adakhetsa kale thukuta. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, patatha zaka pafupifupi 20 za ntchito yotsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi amishonale a mipingo ina komanso aphunzitsi a kuno kwathu amene ankadziwa kukoma ndi kuipa kwa Chinyanja. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Mu 1998 kudabwera Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti adamasulira limodzi m'chilankhulo chosavuta, ndipo pambuyo pake kudadza Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Amene akuona kuti Chinyanja chakale n'cholimba ali ndi posankha, ndipo kuyerekeza mabuku awiri pa ndime yovuta kumatsegula maso. Pa dziko lapansi pali zilankhulo pafupifupi 7,000, ndipo zambiri mwa izo zilibe Baibulo lathunthu mpaka lero. Ife takhala nalo zaka zoposa 100.

Chotsutsa chowawa koposa ndi ichi: ngati kuwerenga Baibulo kumasintha munthu, bwanji dziko la Akhristu ochuluka chonchi likulimbanabe ndi katangale, nkhanza za m'banja ndi kulandana chuma? Bwanji alipo anthu olakatula mavesi pamtima amene manja awo ndi aatali? Yankho loona ndi lakuti kuwerenga pakokha sikuyeretsa munthu. Baibulo si chithumwa choika pansi pa pilo, ndipo kumaliza mitu itatu patsiku sikugula chisomo. Kalata ya Yakobo ikuchenjeza kuti womva mawu osawachita amangodzipusitsa, ndipo mawu aukali kwambiri a Yesu, pa Mateyu 23, adapita kwa akatswiri a Malemba. Koma taonani kuti muyeso umene tikuwatsutsira achinyengowo tikuutenga m'buku lomwelo. Kuchuluka kwa odzitcha Akhristu sikukutsimikiza kuti Baibulo lidawerengedwa n'kulephera, chifukwa kukhala nalo m'nyumba ndi kuliwerenga ndi zinthu ziwiri, ndipo kuliwerenga ndi kulimvera ndi zinanso ziwiri. Kuwerenga kobala zipatso ndi kwa munthu wolola kuti ndime imutsutse iyeyo isanatsutse mnansi wake. Mfumu Yosiya, pa 2 Mafumu 22, itamva mawu a m'buku la malamulo limene lidapezeka m'Nyumba ya Mulungu, idang'amba zovala zake n'kuyamba kukonza zinthu mu ufumu wake. Kumva kudatsogola, kulapa kudatsatira, ndipo chachiwiricho sichikadachitika popanda choyambacho.

Wofuna kuyamba asadzisenzetse katundu wolemera. Ambiri amayamba pa Genesis ndi changu chachikulu mu Januwale n'kukathera mu Levitiko mwezi wotsatira. Ndi bwino kuyamba ndi Marko, lalifupi kwambiri mwa mabuku anayi a Uthenga Wabwino, la mitu 16 yokha, kenako Luka ndi Machitidwe, amene adalembedwa ndi munthu mmodzi ngati nkhani yopitirira, n'kumaonjezerapo Salimo limodzi tsiku lililonse. Nthawi ikhale yokhazikika, kaya m'mamawa ntchito isanayambe kaya madzulo banja litadya. Pa ndime iliyonse munthu adzifunse kuti akulankhula ndani ndipo akuuza yani, ndimeyo ikuonetsa chiyani za Mulungu, ndipo ikumufuna achite chiyani tsiku limenelo. Zosamveka azilembe kuti akafunse kwa odziwa. Tsiku likadumphika asataye mtima, angopitiriza pamene adalekezera, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Makolo, werengani ndi ana anu mokweza. Abusa ndi ansembe, phunzitsani anthu anu mabuku athunthu, ndipo kondwerani akamakufunsani mafunso ovuta. Inunso owerenga, musadikire chaka chatsopano kapena tsiku la tsoka. Tsegulani Marko mutu woyamba lero, muuwerenge wonse, ndipo mawa mupite pa wachiwiri.